Kukonza M'kati mwa Thanki ya Njinga Yamoto

Ambiri mwa ife, Mulungu akalola, tidzatumikira m'Dayosizi ya Chikwawa, ndipo mnzathu wa paulendo adzakhala njinga yamoto. Nyengo ya dzinja, kumidzi ya ku Muona ndi Makhanga galimoto imatsala panjira. Njinga ikazima pakati pa tchire, wodwala angathe kutisiya asanalandire sakramenti la kudzoza. N'chifukwa chake ndafuna kugawana nanu zimene ndidaphunzira patchuthi kwa makaniko wa paparishi yathu.

Mdani wamkulu wa thanki ndi dzimbiri. Kuno ku Chigwa cha Shire masana kumatentha koopsa, usiku chitsulo n'kuzizira, motero chinyezi cha m'thanki yosadzaza chimasanduka timadontho ta madzi. Komanso kuyambira mu 1982 petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Madziwo amatsikira pansi, chitsulo n'kuchita dzimbiri, tizidutswa take n'kukatseka kabuleta.

Choyamba, chotsani thanki, khuthulani petulo yense, masulani kampopi ka pansi ndi kutseka bowo lake. Gwirirani ntchitoyi panja, kutali ndi moto kapena fodya. Nthunzi ya petulo imaphulika ngakhale m'thanki mutakhala mopanda kanthu, choncho musayese kuiwotcherera.

Chachiwiri, tsukani ndi madzi otentha a sopo. Ikanimo manati ndi mabawuti, mugwedeze kwambiri kuti dzimbiri lisweke. Muwawerenge poika ndi potulutsa.

Chachitatu, dzazani viniga, mudikire tsiku limodzi kapena awiri. Mukakhuthula, tsukuluzani ndi madzi osungunuliramo soda wophikira kuti ukali wa viniga uthe.

Chachinayi, umitsani msanga, pakuti chitsulo choyera chimayambanso dzimbiri chikangokhala chonyowa. Apa dzuwa lathu limathandiza. Musasiye ngakhale dontho limodzi la madzi.

Chachisanu, thirani mankhwala omatira m'kati, monga POR-15 kapena epoxy wopirira ethanol. Tembenuzani thanki pang'onopang'ono mbali zonse kuti afike paliponse, kenaka khuthulani otsala. Dikirani masiku 4 musanathiremo petulo. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Onetsetsani kuti kabowo ka mpweya pachitsekero sikadatsekeke. Pomaliza ikani kasefa papaipi ya petulo, ndipo njinga ikaima masiku ambiri, thanki izikhala yodzaza.

Makanikoyo adandiuza kuti ambiri amalephera pachachitatu ndi chachinayi. Mankhwala omata pamwamba pa dzimbiri sachedwa kusupuka, ndipo zikamba zake zimatseka njira ya petulo kuposa dzimbiri lenilenilo. Ife aseminale tikuphunzirapo kanthu. Ambuye Yesu adadzudzula Afarisi chifukwa chotsuka kunja kokha kwa chikho (Mateyo 23:25-26). Mkanjo woyera suchotsa tchimo lobisika mumtima. Tiyambe tatsuka m'kati mwa sakramenti la kulapa, kuti zimene aphunzitsi athu akuthira mwa ife zigwire ndi kukhalitsa.