Nkhuni zapita kuti?

M'mawa mtsikana anapita kuthengo ndi amayi ake kukatola nkhuni. Mtolo wake unali wolemera. Khosi linamuwawa njira yonse.

Madzulo amayi anaphika nyemba. Nyemba zimatha nkhuni! Pofika usiku mtolo wonse unapsa. Pa mafuwa panatsala phulusa lodzaza manja awiri okha.

— Amayi, mtolo wanga unali waukulu. Phulusali ndi locepa. Zina zasowa?

— Sizinasowe, mwanangu. Taona pansi pa mphika. Taona kudenga.

Mtsikana anayang'ana. Mphika unali wakuda bii. Udzu wa kudenga unali ndi mwaye.

Amayi ananena zoona. Moto suyaka popanda mpweya. Ndiye cifukwa cake munthu amauzira moto ukafuna kuzima. Nkhuni zikamapsa zimaphatikizana ndi mpweya. Zimasanduka phulusa, utsi, nthunzi ya madzi ndi mpweya wina wosaoneka ndi maso. Phulusa limatsala pansi. Zambiri zimakwera m'mwamba, mphepo nkuzitenga.

Kale ku France kunali munthu wina dzina lake Antoine Lavoisier. Iye ankakonda kuyeza zinthu pa sikelo. M'caka ca 1774 anaika citsulo m'botolo la galasi, natseka ndithu kuti mpweya usalowe, usatuluke. Anayeza botolo lija. Kenaka analitenthetsa pa moto mpaka citsulo cinasintha maonekedwe. Litazizira analiyezanso. Kulemera kunali komwe kuja. Palibe cinacoka, palibe cinaonjezeka. Zinthu zinangosanduka.

Nkhuni nazo n'cimodzimodzi. Phulusa, utsi, nthunzi ndi mpweya wotuluka, zonse pamodzi, zimalemera mofanana ndi nkhuni ndi mpweya umene moto unadya.

Apa makolo amvetse bwino. Nyengo yozizira ena amalowetsa mbaula ya makala m'nyumba, natseka citseko, nagona. Makala akamanyeka amatulutsa mpweya woipa. Suoneka ndipo sununkha. M'nyumba yotseka ulibe kopita, ndiye umalowa m'cifuwa ca ogona. Mutu umawawa, munthu amafooka, ndipo ena sadzukanso. Mbaula izitulutsidwa panja anthu asanagone.

Nchito ya kunyumba

Mwana anyamule cikuni cimodzi, amve kulemera kwake. Wamkulu aciike pa moto. Mawa lake phulusa litazizira, mwana alitape m'mbale, abwere nalo kusukulu.

1. Colemera n'citi, cikuni kapena phulusa?
2. Nanga zina zapita kuti?