Mapemphero a usiku akutisowetsa tulo

Funso: Alangizi, pafupi ndi nyumba yathu ku Ndirande pali tchalitchi chomwe chimachezera kupemphera Lachisanu lililonse, masipika ali kukhuthula phokoso mpaka mbandakucha. Mwana wanga akulemba mayeso a MSCE chaka chino, koma sakugona. Nanenso ndine Mkhristu. Kodi ndikadandaula ndiye kuti ndikulimbana ndi Mulungu?
Mayi wodandaula, Blantyre

Yankho: Mayi, simukuchimwa ayi. Gawo 33 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wopembedza, koma ufuluwo si chilolezo chosowetsa anzako mtendere.

Musathamangire kupolisi. Tenganani ndi anansi awiri kapena atatu, mukaonane ndi abusa masana, mitima ili m'malo. Musakawauze kuti asiye kupemphera, chifukwa pamenepo mudzangoyambana. Kapempheni chinthu chotheka: masipika akunja azizimitsidwa ikakwana 10 koloko usiku, otsalawo aziloza mkati. Za mayeso a mwanayo mukazitchule ndithu. Abusa ambiri nawonso ndi makolo, ndipo mwina palibe anawauzapo kuti phokosolo limafika patali chotere.

Akakana, kawuzeni amfumu a m'dera lanu kuti aitanitse mbali zonse ziwiri. Zikakanikanso pamenepo, lembani kalata yosainidwa ndi anansi onse ovutikawo, mukaipereke ku khonsolo ya mzinda.