Kodi Achewa anachokera ku Egypt?

Muulutsi: Kalata ya lero yachokera ku Bowe m'boma la Dowa. Aphunzitsi ena a pulaimale akuti ana m'kalasi anawafunsa ngati n'zoona kuti makolo athu anachokera ku Egypt kwa Farao, poti anthu akumeneko ankajambula milungu ya mitu ya nyama yofanana ndi zilombo za Gule Wamkulu. Akuti anasowa poyambira.

Katswiri: Zikomo aphunzitsi, ndipo anawo muwayamikire. Yankho langa ndi lakuti ayi, koma ulemu wa Aigupto tisawalande. Dziko lawo lili mu Africa momwe muno. Linakhala ufumu umodzi cha m'ma 3100 Yesu asanabadwe, ndipo moyo wake wonse unali mtsinje wa Nile, umene unkasefukira chaka ndi chaka n'kusiya dothi lakuda lachonde m'minda. Tirigu ndi barele wosungidwa m'nkhokwe za mfumu ndiye ankadyetsa amisiri amene anamanga piramidi ya Farao Khufu ku Giza, imene inali yotalika mamita 146. Ankalembanso, ndipo zolemba zawo tikuziwerenga kuyambira 1822 pamene katswiri wina, Champollion, anazitulukira tanthauzo.

Zolembazo ndiye mboni yoyamba. Anthu akasamuka amanyamula chilankhulo chawo, ndipo cha Aigupto sichigwirizana ndi chathu. Ife timati munthu, anthu. Aluba a ku Congo amati muntu, bantu. Abemba amati umuntu, abantu. Abale athu ndi amenewo, ndipo nkhani za akuluakulu nazonso zimaloza ku Uluwa komweko. Onaninso za ufumu. Kwa Farao mpando kawirikawiri unkachoka kwa bambo kupita kwa mwana wake wamwamuna, pamene kwathu amalowa ndi mwana wa mlongo wa mfumu, mbumba n'kumayang'aniridwa ndi atsibweni. Mbewu za makolo athu chimanga chisanabwere zinali mapira ndi mawere, osati tirigu.

Wina anena kuti nanga zilombozo? Kufanana nkhope si ubale. Mitundu yambiri yosadziwana n'komwe imavala zigoba za nyama pa miyambo yake, chifukwa munthu kulikonse amakhala pakati pa nyama, kuziopa ndi kuzisirira. Njovu ndi kasiyamaliro zotuluka ku dambwe zili ndi ntchito yake pa maliro ndi pa chinamwali, yosiyana ndi ya Anubis, mulungu wa Aigupto wa mutu wa nkhandwe.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi maganizo obisala m'funsoli, akuti mtundu wopanda mapiramidi ulibe mbiri, ndiye tikabwereke ya eni. Anawo muwauze za Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, likulu la Kalonga. Dr Yusuf Juwayeyi atakumba kumeneko anapeza mikanda ya galasi, mapale a mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu, umboni woti Amaravi ankachita malonda ofika kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Ku Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula pa miyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, amene UNESCO inawavomereza mu 2006. Ndipo pafupi ndi inu pomwepo, nkhalango ya phiri la Ntchisi ndi imene inabisa anthu pa nkhondo za Angoni. Atumeni anawo kwa agogo awo akafunse ngati pali malo amene alimi amafukula zotsalira za ng'anjo zosungunulira chitsulo, akalembe mayina a malowo, mutitumizire.