Goloboyi Amayang'ana Pati pa Penate?

Penate amamenyera pa mtunda wa mamita 11, ndipo mpira womenyedwa mwamphamvu umafika pagolo m'theka la sekondi. Goloboyi wodikira kuti aone kaye kumene mpira walowera amakhala atachedwa kale. Nanga akatswiri amayang'ana chiyani?

M'chaka cha 2002, Geert Savelsbergh wa ku Netherlands ndi anzake anaonetsa magoloboyi mafilimu a mapenate n'kumajambula kayendedwe ka maso awo. Maso a ongoyamba kumene ankangoyendayenda: pachifuwa, pamikono, m'chiuno mwa womenya. Akatswiri ankayang'ana malo ochepa koma modekha, makamaka miyendo ndi mpira, ndipo sankafulumira kusankha mbali.

Pa miyendo iwiriyo, samalani kwambiri woponda pansi uja. Womenya angathe kukupusitsani ndi maso kapena mapewa, koma phazi loponda nthawi zambiri limaloza kumene mpira ukupita.

Yesani madzulo ano pabwalo. Mnzanu amenye mapenate 10, inu musadumphe. Maso akhale paphazilo, ndipo muzingotchula kuti "kumanja" kapena "kumanzere" iye asanaumenye. Kenako sinthanani, muwerenge amene walondola kambiri.