Kuchotsa dzimbiri m'thanki ya galimoto yakale: ntchito yagona pa kuumitsa

Galimoto zakale zimene zimanyamula mbatata ndi chimanga kuno ku Angónia, ma Hilux ndi ma Nissan aja, zambiri zili ndi nthenda imodzi. Pachidikha zimayenda bwino, koma zikayamba chitunda cha ku Domué zimatsamwa n'kuzima. Mwini wake asintha fyuluta, sabata isanathe yatsekekanso ndi tinyenyeswa tofiirira. Vuto lili m'thanki. Kuno kumazizira, makamaka mu Juni ndi Julayi, ndipo thanki ikagona ndi mafuta ochepa, mpweya wa mkatimo umachita mame usiku, madziwo n'kukakhala pansi pa mafuta. Enanso amalowa ndi mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa msewu. Amene mumathira petulo ku Dedza mukawoloka pa Calomue, dziwani kuti Malawi wakhala akusakaniza petulo ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi.

Zokonzekera sizifuna mawu ambiri. Chotsani waya wa batire, tsanulirani mafuta m'chigubu, tsitsani thanki, chotsani geji ndi mapaipi. Gwirirani ntchito panja, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya. Unikani mkati ndi tochi. Ngati pansi pake pafewa moti msomali ukuboola, musataye nthawi, kafuneni thanki ina kwa ogulitsa zipangizo za galimoto zakutha.

Tsukani ndi madzi otentha ndi sopo waufa mpaka fungo la mafuta lichepe. Kenako ponyanimo manati ndi mabawuti odzaza manja awiri, muwawerenge, ndipo anthu awiri akhutchumule thankiyo mbali zonse kuti zikhakha za dzimbiri zigwe. Potulutsa muwawerengenso. Miyala ya kumtsinje ayi: imakakamira kuseri kwa zipupa za mkati mwa thanki ndipo simudzaitulutsa yonse.

Tsopano thirani viniga, malita 10 kapena 15 m'thanki ya malita 60, tsekani mabowo mosathina kwambiri, muziitembenuza kuti mbali iliyonse inyowe kwa tsiku lathunthu.  Mankhwala ochotsa dzimbiri a phosphoric acid, amene mungawafunse m'mahadiweya a ku Tete kapena ku Lilongwe, amafulumira koma ndi okwererapo mtengo, ndipo amafuna magolovesi. Alipo amakanika a pansi pa mtengo amene angakuuzeni kuti "ingothirani asidi wa batire". Musawamvere. Asidi ameneyo sasankha, amadya dzimbiri ndi chitsulo chabwino chomwe, komanso amatulutsa mpweya woyaka.

Mukataya viniga, dzazani thanki ndi madzi muone ngati ikuchucha, chifukwa timabowo timene dzimbiri linkatseka timaonekera tsopano. Ngati pakufunika kuwotcherera, pitani kwa odziwa mathanki, amene amayamba adzazamo madzi. Thanki yopanda mafuta ndiyo imaphulika, chifukwa chimene chimayaka ndi mpweya wotsalira. Ikachoka kowotcherera, bwerezani viniga pang'ono.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaonongera ntchito yonse. Ndaona mobwerezabwereza munthu atatsuka bwino, mkati mukuwala, iye n'kuitsamiritsa thanki pakhoma kuti "iume yokha, tiona mawa". Mawa lake mkati monse mwafiira kuposa poyamba. Chitsulo chimene changochoka mu asidi chilibe chochiteteza, ndipo chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimayamba dzimbiri ola lisanathe. Choncho kuyambira pamene mwataya viniga mpaka thanki itauma, musachokepo. Musayambe madzulo. Musayambe tsiku la chifunga kapena la mvula. Sankhani tsiku la dzuwa, muyambe m'mawa, zonse zofunika zili pambali panu.

Choyamba iphani asidi. Sungunulani soda wophikira wodzaza kapu m'ndowa ya madzi, thirani, khutchumulani kwa mphindi 10, tayani, tsukuluzani ndi madzi oyera. Mukadumpha soda, asidi wotsalira m'misoko apitiriza kudya chitsulo ngakhale mutathiramo mafuta. Madzi omaliza akhale otentha kwambiri, kuti chitsulo chitenthe n'kudziumitsa msanga.

Chachiwiri tulutsani madzi onse. Kupendeka thanki sikokwanira, chifukwa madzi amabisala kuseri kwa zipupa zija ndi m'misoko. Thirani spiriti, lita imodzi kapena malita awiri, zungulizani kuti afike paliponse, tayani. Spiriti amameza madzi n'kutuluka nawo. Mukatero upirizani mpweya. Ngati muli pafupi ndi omata matayala a mu Ulongué, kompresa yawo ikuthandizani. Apo ayi pampu ya njinga ndi manja olimba. Ikani thanki padzuwa mabowo onse ali otsegula, muziitembenuza. Moto ayi. Kuitenthetsa pamakala thanki imene mwangothiramo spiriti ndi kudziitanira maliro.

Musakhulupirire maso okha. Mangani kansalu koyera ku waya, pisani m'makona onse. Kakatuluka konyowa ngakhale pang'ono, thanki sinaume, bwerezani spiriti ndi mpweya. Ndibwerezenso: thanki yonyowa musaigoneke, musaipake kanthu, musaimangirire.

Ikauma, itetezeni tsiku lomwelo. Mankhwala omatira mkati mwa thanki ndi abwino, koma amadula, ndipo mukawathira pachinyezi amasupuka n'kutseka mapaipi. Penti wamba musayese n'komwe, mafuta amamusungunula. Ngati mankhwalawo mulibe, zungulizanimo dizilo wosakaniza ndi oyilo pang'ono, tayani, mangirirani thanki, ndipo muidzaze mafuta tsiku lomwelo.

Upirizani mpweya m'mapaipi, tsukani kabureta, ikani fyuluta yatsopano, ndipo ina muiyike m'galimoto chifukwa yoyambayo ingatsekeke msanga. Kuchokera apo, mafuta a m'chigubu muziwasefa ndi nsalu yoyera, ndipo dontho lomaliza la m'chigubumo muzilisiya. Galimoto ikamaima nthawi ya dzinja kudikira zokolola, iime thanki ili yodzaza. Mukaisiya ndi malita awiri kuyambira Disembala mpaka Epulo, ntchito yonseyi mudzaibwereza.