Matumba 60 a mbatatesi andidanitsa ndi mphwanga

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 39. Kwathu ndi ku Angonia, chakum'mawa kwa Ulongwe, koma ndimagwira ntchito ku Moatize. Kumudzi kuli amayi, omwe akalamba, ndi mphwanga amene amawasunga. Kwa zaka zinayi ndakhala ndikumutumizira ndalama pa M-Pesa zogulira mbewu ndi feteleza, iye n'kumalima mbatatesi m'munda wa amayi. Tikagulitsa, zina amadyera amayiwo, zina timasungira malata a nyumba yawo.

Chaka chino anakumba matumba 60 n'kukagulitsa pa Lizulu. Ndalama zomwe anandiuza n'theka chabe la zimene ndinkayembekezera. Nditafunsa pa foni anangoti, "Mitengo inali yoipa, achimwene." Mwezi usanathe ndinamva kuti wagula njinga yamoto yakale. Mkazi wanga akuti palibenso chofunsa, mbava yadziulula yokha. Ndinasiya kumuyimbira, ndipo ndalama za amayi tsopano ndikutumiza kwa msuweni wathu wa pa Ulongwe. Mphwanga sananenepo kanthu. Koma ine tulo sindikuliona. Kodi ndalakwa kusiya kumukhulupirira?

Wosweka mtima, Moatize

Mwananga,

Sindikukudzudzulani kuti mtima unakudumphani mutamva za njinga ija. Ndalama zaperewera, yankho labwera lodukiza, kenaka pakhomo paoneka chinthu chatsopano. Aliyense akanakayikira. Koma m'kalata yanu mwaphatikiza zinthu ziwiri, kukayikira ndi kusakhulupirira, ndipo chachiwiricho ndicho chikukusowetsani tulo.

Kukayikira kumakhala pa nkhani imodzi: matumba awa, a chaka chino, anapita pa mtengo wanji? Limeneli ndi funso, ndipo yankho lake lilipo. Alipo amene ananyamula katunduyo, alipo anzake a mphwanu amene anagulitsa nawo tsiku lomwelo, aliponso mwini wakeyo. Yankho likapezeka kukayikira kumatha, kaya mwapeza kuti munamuganizira pachabe, kaya mwapeza kuti zinalidi zoona. Kusakhulupirira ndi kwina. Sikukhala pa matumba, kumakhala pa munthu yense, ndipo wosakhulupirira safunsanso chifukwa waweruza kale. Mphwanu atabwera mawa ndi kabuku kolembamo tambala iliyonse, mudzati walemba usiku wathawu. Inu munafunsa kamodzi kokha, pa foni, kenaka munapereka chilango pa mlandu umene simunauzenge.

Ndiye tiyeni tilione kaye funsolo. Pa Lizulu malire a Malawi ndi Mozambique amayenda ndi msewu wa M1, ndipo ogula ambiri ndi mavenda ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, olipira m'makwacha. Inu ku Moatize mukuwerengera m'mametikali. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo osintha ndalama a m'malire sayendera mtengo wa kubanki, ali ndi wawo. Munthu akhoza kuchoka pamsika thumba la malaya litatupa ndi makwacha, akasintha n'kutsala ndi zochepa zomvetsa chisoni.

Palinso thumba lenilenilo. Limene mlimi amawerenga kumunda si limene venda amagula. Venda amabwera ndi lake losokerera pamwamba, amasankhula zing'onozing'ono ndi zotemedwa ndi khasu, mwakuti 60 wa kumunda sakhalanso 60 pamsika. Chotsaniponso aganyu okumba, ngolo kapena galimoto, onyamula, msonkho wa pamsika. Ndipo mbatatesi si chimanga choti mungasunge m'nkhokwe kudikira Januwale. Ukafika nayo tsiku limene aliyense wakumba, umagulitsa pa mtengo umene waupeza, chifukwa kubwerera nayo n'kulipiranso mayendedwe kuti ikawolere kunyumba. Sindikunena kuti zimenezi zameza theka lonse losowalo. Theka ndi ndalama zambiri, ndipo mphwanu anayenera kufotokoza bwino osati kukuponyerani mawu anayi. Ndikungonena kuti pakali pano inu simukudziwa, mkazi wanunso sakudziwa.

Tsopano pali chimene chandigwira mtima kwambiri. Mwatchula mbewu, feteleza, chakudya cha amayi ndi malata. Gawo la mphwanu simunalitchule. Kwa zaka zinayi ndi iye amene wakhala akudzuka m'chisanu cha ku Angonia chija, kulima mizere, kupalira, kupopera mankhwala, kukangana ndi aganyu, ndipo amayi akadwala usiku ndi iye wofunafuna chowatengera kuchipatala. Kodi munakhalapo pansi n'kunena kuti pa matumba khumi alionse, ake ndi angati? Ngati simunatero, n'kutheka ndithu kuti njingayo inachokera m'matumba aja, koma iye mumtima mwake sakudziona ngati wakuba. Akuti watenga za thukuta lake zimene palibe ankazitchula. Kutenga osanena n'kulakwa, ndipo ndikanakhala naye pano ndikanamuuza m'maso. Koma umenewu ndi mlandu wina, ndipo inu muli nawo mbali yanu. N'kuthekanso kuti anagulitsa nyemba zake kapena anakongola kuti aziyendetsa kabaza. Simunamufunse.

Musaganize kuti kusamutsa ndalama za amayi kunachitika mwakachetechete. Kumudzi zimenezo zimamveka kuposa kukalipa. Msuweni akudziwa, mkazi wa msuweni akudziwa, pachitsime padziwika kuti mkulu wake uja wamuchotsa dzanja. Kukhala chete kwa mphwanu inu mukukuona ngati kuvomera mlandu, komatu mng'ono woleredwa bwino sathamangira kufunsa mkulu wake kuti mwandichitiranji zimenezi. Amameza. Ndipo amayi akuona zonse. Pa zaka zanu 39, n'kutheka kuti anakuberekani kumbuyo pothawira ku Dedza kapena ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, monga anachitira amayi ambiri a ku Angonia, n'kudzabwerera kudzayambanso pamabwinja mtendere wa 1992 utabwera. Mayi wotere akhoza kugona m'nyumba yaudzu zaka zina ziwiri osadandaula. Chimene sangapirire n'kulandira ndalama za mwana mmodzi modutsa kumbuyo kwa mwana winayo amene amamuphikira phala.

Ilipo nthawi imene kusakhulupirira kuli koyenera, ndipo sindikufuna mukhale munthu wongodyeredwa. Munthu akafunsidwa bwinobwino n'kunama, bodza n'kugwidwa, iye n'kubwerezanso, pamenepo kumuchotsa pa ndalama n'kudziteteza. Ngakhale zitafika pamenepo, mudzamuchotse pa ndalama pokha. Munthu wolephera kusunga thumba la ndalama akhoza kukhalabe wosamala amayi ake ndi mtima wonse. Koma inu simunafike pamenepo. Muli ndi zaka zitatu zimene anayendetsa zinthu mokhulupirika ndi chaka chimodzi chokayikitsa, ndipo zaka zitatuzo nazonso ndi umboni.

Pemphani tchuthi, mukwere chapa mupite kumudzi. Nkhani iyi si ya pa foni. Mukamutengere kumunda muli awiri, popanda mkazi wanu, popanda msuweni. Mukayambe motere: "Mphwanga, ndalama za mbatatesi zija zandizunguza mutu, tiye tiwerengere limodzi." Ndiye muwerengedi, thumba ndi thumba, makwacha ake, mtengo umene anasinthira, zimene analipira m'njira. Za njinga mukafunse mosapita m'mbali, chifukwa mukazisiya zidzapitiriza kukudyani. Mukanenenso zanu, kuti munasamutsa ndalama za amayi musanamumve. Mukalephera kumvana, itanani amalume anu akhale pakati. Kwa amfumu si koyambira.

Zikayenda, musabwerere ku kachitidwe kakale kongodalira mtima. Gwirizanani gawo lake lenileni musanadzale. Mugule kabuku. Tsiku la msika azikuyimbirani ali pomwepo, mavenda ali pamaso pake, kuti mtengo muziumva limodzi. Mkazi wanu mumuuze zimene mwapeza monga zilili, ngakhale zitasiyana ndi zimene ankaganiza, chifukwa nayenso akuteteza ndalama za ana anu ndipo ayenera kumva zoona.

Musanakwere chapayo, muyimbireni mphwanuyo mumuuze nokha kuti mukubwera. Asamvere kwa msuweni.

Azakhali anu