Mankhwala a khansa ochokera ku mitengo

Thupi la munthu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo ikakula imagawikana pawiri. Umu ndi mmene mwana amakulira, ndiponso mmene bala limapolera. Kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana, kamasokoneza maselo a pakhomo la chiberekero. Pakapita zaka, maselowo amatha kuyamba kuswana osaleka mpaka kupanga chotupa. Imeneyo ndiyo khansa.

Ena mwa mankhwala oletsa kuswanaku anachokera ku mitengo. Mu 1962, akatswiri a ku America anasenda makungwa a mtengo wotchedwa yew. M'makungwamo anapezamo mankhwala a paclitaxel, koma boma lawo linawaloleza m'zipatala mu 1992, patatha zaka 30.

Mankhwalawa amagwira ntchito motere. Selo ikafuna kugawikana, mkati mwake mumatuluka tizingwe tokokera zam'katimo mbali ziwiri. Paclitaxel amaumitsa tizingweto, selo n'kulephera kugawikana, kenako n'kufa. Dokotala amayamba wayeza msinkhu ndi kulemera kwa wodwala kuti adziwe mlingo wake, ndipo amawapereka m'diripi. Ndi mankhwala aukali: amaphanso maselo abwino oswana msanga, n'chifukwa chake tsitsi limathothoka.

Nanga tiyi amene timathyola kuno ku Makwasa? Masamba ake ali ndi mankhwala otchedwa catechin. Mu 2006, ku America analoleza mafuta opaka opangidwa ndi tiyi wobiriwira, ochiza njerewere za kumaliseche. Njerewerezi zimadza ndi HPV wa mtundu wina. Pa khansa, ofufuza akadali kuyesa. Kumwa tiyi, kaya makapu angati, sikuchiza khansa. Kuika masamba kapena mizu kumaliseche kumatupitsa ndi kunyula m'njira, chotupa chikukulirakulira.

Amayi, musadikire kumva ululu. Pitani ku chipatala cha Malamulo kapena ku chipatala cha boma ku Thyolo mukafunse zoyezetsa. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero. Pakatha mphindi imodzi, malo amene ayamba kuwonongeka amayera mbuu, ndipo akakhala aang'ono amawawotcha ndi kachipangizo. Matenda akakula, wodwala amatumizidwa ku chipatala cha Queens, ku Blantyre. Atsikana nawo akulandira katemera wa HPV kuyambira mu 2019.

Mafunso
1. Kodi paclitaxel amachita chiyani mkati mwa selo?
2. N'chifukwa chiyani dokotala amayeza kulemera kwa wodwala?
3. Mnzanu wakuuzani kuti akumwa zitsamba m'malo mokayezetsa. Mumuuza zotani?